MWANA WOSEŴERA NDI CHINTHU CHIMODZI CHOKHA
Nkhani yokambidwa kwa amai pa sikelo ya ana ku Chiringa, m'boma la Phalombe

Ndikuona kuti ena mwalaŵirira mame asanakamuke, ndipo ana ayamba kale kutopa kumbuyoko. Amasuleni akhale pansi. Lero sindiletsa mwana kuseŵera pamene ndikulankhula, pakuti nkhani yathu ndi ya kuseŵera komweko.

Masiku onse pano timakamba za phala, za katemera ndi za kugona m'masikito. Timaika mwana pa sikelo ndi kulemba kadontho m'buku mwake. Koma pali kukula kwina kumene sikelo siingathe kuyeza. Kumeneko mumakuona ndinu kunyumba, pamene mwana ali pabwalo ndi zoseŵeretsa zake.

Taganizani za mnyamata wa zaka zitatu. Thupi lake ndi labwino, mzere wake m'buku ukukwera monga ufunikira. Koma kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa kuloŵa ali ndi chitsekerero chimodzi cha chigubu, kuchizunguza pansi, kuchiyang'anitsitsa mpaka chitagwa, kuchitola ndi kuchizunguzanso. Anzake akuumba ng'ombe zadothi poteropo, iye osacheuka. Mukamuitana dzina lake amakhala ngati sanamve, chonsecho njinga yamoto ikamabwera kutali iye ndiye amayamba kuimva, nadzitseka m'makutu. Akafuna madzi salozera kumtsuko. Amagwira dzanja lanu ndi kulikokera kumeneko ngati chikho. Tsiku limene chitsekerero chija chasoŵa, pakhomo pamagwa maliro.

Ndaona ena mwa inu mukuyang'anana. Mukumudziŵa mwana wotere. Mwina ali pamudzi panu, mwina ali pamiyendo panu pompano.

Dzina la vutoli

Madokotala amalitcha otizimu. Ndi mkhalidwe umene mwana amabadwa nao, pamene ubongo wake umakula mwa njira yosiyana ndi ya ana ena, makamaka pa kulankhula, pa kuyanjana ndi anthu, ndi pa kukonda chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana 11 otere mu 1943. Woyamba mwa anawo, Donald Triplett, ali wamng'ono ankakonda kuzunguza mapoto ndi zinthu zina zobulungira, monga mwana wathu wa chitsekerero uja. Anakula pakati pa abale ake, anaphunzira, anagwira ntchito ku banki, ankayendetsa galimoto, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Si ana onse amene adzafike pamenepo, pakuti ena vuto lao ndi lalikulu ndipo adzafuna wowasamala moyo wao wonse. Koma ndatchula munthu ameneyu kuti musaweruze tsogolo la mwana poona mmene alili pa zaka zitatu.

Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi otizimu. Anyamata ndiwo amachuluka kuposa atsikana. Ana ameneŵa amapezeka m'maiko onse, kwa olemera ndi kwa osauka.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa maukwati atha ndi nkhani imeneyi. Mwanayo sanalodzedwe. Bambo wake sanamukhwimire kuti alemere, monga amanenera anthu pa mjigo. Si tsempho. Si chifukwa chakuti mai ake sanamukonde kapena anamuletsa kuyamwa msanga. Ndiponso si katemera. Mu 1998 dokotala wina wa ku England anafalitsa nkhani yakuti katemera wa chikuku ndiye amayambitsa otizimu. Anthu atafufuza anapeza kuti munali chinyengo, ndipo mu 2010 nkhaniyo inachotsedwa m'magazini imene inatulukira, iye nalandidwa chilolezo cha udokotala. Chaka chomwecho cha 2010 chikuku chinagwira anthu opitirira 100,000 muno m'Malaŵi. Choncho katemera asadumphe, ngakhale kwa mwana amene ali ndi vutoli.

Musamulande

Mai akaona mwana wake akuzunguza chitsekerero tsiku lonse, mtima umamuuza kuti achitaye m'chimbudzi. Ine ndikuti ai, musatero. Kwa mwana wotere dziko lili ndi phokoso lambiri ndi zodzidzimutsa zambiri, ndipo kanthu kameneko ndiko kokha kamene kamachita zimene iye akuyembekeza. Mukamulanda mwamuchotsera pogwira. Adzalira, adzadziguguda pansi, kenaka adzapeza china, mwina choopsa kuposa choyambacho. Inu amene munathaŵira m'misasa nthaŵi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 mukudziŵa mmene mwana aliyense amasokonezekera akagona pamalo pachilendo pakati pa anthu ambiri. Kwa mwana wa otizimu nkoposa. Mvula ikadzaopsanso kuchokera ku Michesi, pomanga katundu wothaŵa naye, kanthu kakeko kaloŵe m'thumba limodzi ndi buku la kusikelo.

Nanga bwanji osangomusiya? Chifukwa kuseŵera ndiyo sukulu yoyamba ya mwana. Mtsikana akamatakasa dothi m'kachitini akutsanzira mai ake, ndipo mwana amaphunzira kulankhula, kusamba m'manja, kuvala ndi kupita kuchimbudzi mwa kutsanzira komweko. Mwana wokhala ndi seŵero limodzi ali ndi khomo limodzi lokha loloŵera mau atsopano. Tikamuonjezera lachiŵiri ndi lachitatu, tamuonjezera makomo, ndipo tamupatsa choti adzachite pamodzi ndi anzake akadzapita ku sukulu ya mkombaphala. Ntchito yathu ndi yoonjezera, chakalecho chili m'manja mwake.

Kanema wa pafoni

Ana ambiri otere zimawavuta kuphunzira poyang'ana munthu kumaso. Nkhope ya munthu imasinthasintha, mau amakwera ndi kutsika, kumbuyo kukudutsa nkhuku, wina akusinja. Mwanayo sadziŵa choti ayang'ane. Koma aphunzitsi anaona kuti ana omweŵa amayang'anitsitsa kanema. Pakagalasi kaja chinthu chimakhala chimodzi, sichimukakamiza kuyang'anana nacho m'maso, ndipo chikabwerezedwa chimabwera chimodzimodzi monga poyamba, osatopa, osakalipa.

Mu 2000, Marjorie Charlop-Christy ndi anzake ku California anayerekeza njira ziŵiri pa ana asanu: kuwasonyeza chochita maso ndi maso, ndi kuwasonyeza chomwecho pa kanema. Anapeza kuti kanema anafulumizitsa kuphunzira, ndipo zimene anawo anaphunzira anazichitanso pamalo ena ndi kwa anthu ena. Mu 2003 aphunzitsi ena ku America komweko anayesa pa mtsikana wa zaka zitatu. Anamuonetsa kanema wa munthu akuseŵera zophika, zogula m'sitolo ndi zomwa tiyi, amene kwathu kuno timangoti masanje, ndipo mtsikanayo anayamba kuchita ndi kunena zimene anaona. Anaŵa anali oŵerengeka, ndipo njirayi siigwira kwa mwana aliyense. Si mankhwala ochiza, pakuti otizimu ulibe jekeseni kapena muzu wouchotsa. Amene akuuzani kuti ali nao akufuna mbuzi yanu. Koma njirayi siipweteka mwana, siilira ndalama, ndipo lero makina amene aphunzitsi aja ankagwiritsa ntchito ali m'foni wamba yojambula. Siifuna intaneti kapena mayunitsi. Ifuna moto wa m'batire basi.

Musayambe ndi kujambula. Yambani ndi kuyang'ana. Kwa masiku atatu penyetsetsani chimene mwana amachita ndi chinthu chakecho, chifukwa chimene amakonda kwenikweni si chitsekerero ai, koma kuzungulira kwake. Mukadziŵa zimenezo, mufunefune choseŵeretsa chimene chili pachibale ndi chakalecho. Wokonda zozungulira mumupezere nguli, kapena galimoto ya mawaya ya mateyala oyenda bwino. Anyamata a pamudzi adzakupangirani mosavuta. Wokonda kundandalika miyala pamzere ali pafupi ndi seŵero la msika, loika miyala m'milu ngati tomato wa pa Chiringa. Wokonda kukhuthula mchenga ali pafupi ndi kuphika masanje kapena kupeta ndi kalichero. Womenyetsa zinthu pansi mumupatse kamtondo ndi kamunsi, kapena ng'oma ya chitini. Kulumpha kuchoka pa chitsekerero kufika pa mpira wa anyamata khumi nkutali kwambiri. Mwana aoloke pamene madzi ali osaya.

Kenaka itanani mkulu wake, kapena mlongo wake, kapena mwana wa pafupi amene iye anamuzoloŵera. Pitani kuseri kwa nyumba, pakhoma popanda zokopa maso, muthamangitse nkhuku ndi kutseka wailesi. Foni muigwire pafupi, kuti pazioneka manja ndi choseŵeretsa. Nkhope ngakhale isaoneke palibe kanthu. Mkulu wakeyo achite zinthu zitatu zokha, mosafulumira. Atenge chitsekerero chonga chija achikweze m'galimoto, ayendetse galimotoyo, aiimitse ndi kutsitsa katundu. Mau akhale ochepa: "Kwera. Pii, pii! Tsika." Kanema yense asapitirire mphindi imodzi. Taonani kuti chokondedwa chake chija chili momwemo, chasanduka katundu wa m'galimoto. Chimenecho ndicho chidzakope maso ake.

Poonetsa sankhani nthaŵi imodzimodzi tsiku lililonse, mwana atadya phala, asali ndi tulo, pamkeka womwewo. Galimoto ija ikhale pafupi, yovundikira ndi chitenje. Khalani pambali pake, osati kutsogolo kwake. Foni ikhale m'manja mwanu, osati mwake. Aonere kaŵiri kapena katatu. Mukatero nenani kuti "Watha," foni iloŵe m'thumba pamene sangaione, ndipo vundukulani galimoto.

Apa ndipo pamene amai ambiri amalephera, ndipo ndikudziŵa kuti nkovuta: khalani chete. Musati "Tachita, tachita, monga achimwene ako aja." Ŵerengani chamumtima mpaka makumi aŵiri. Ana otere amachedwa kuyankha, ndipo mau anu ochuluka amamubalalitsa pamene maganizo ake ali panjira. Akangoigwira galimotoyo, ngakhale kuitembenuza chagada ndi kuzunguza teyala, kumeneko nkuyamba. Dzulo sanaikhudze nkomwe. Muyamikireni mwa njira imene iye amakondwera nayo. Wina amakonda kuomberedwa m'manja, wina phokoso limamuopsa ndipo amafuna kungosisitidwa pamsana. Ngati sanachite kanthu, ikani dzanja lanu pa lake mofatsa, mukankhe naye kamodzi, ndipo lekani pomwepo. Zikatha mubwezereni chitsekerero chake aseŵere nacho mwaufulu, kuti adziŵe kuti mkekawo si malo olandirana zinthu.

Zonsezi ndi mphindi zisanu kapena khumi, nthaŵi yochepa kuposa yophika ndiwo zamasamba. Wina adzatsanzira tsiku lachiŵiri, wina patapita masabata aŵiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mukaona kuti patha masabata atatu mwana osayang'anako nkomwe, musaumirire. Mwina choseŵeretsacho chili kutali ndi chimene amakonda, mwina kanemayo watalika. Sinthani chimodzi mwa ziŵirizi.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi a mu 2003 aja anaona. Mtsikana uja anachita bwino zimene zinali mu kanema, koma sanaonjezepo zakezake zambiri. Ana otere amagwira chinthu monga momwe anachionera, osasintha ngakhale pang'ono. Mukamuonetsa kanema mmodzi kwa miyezi itatu, mudzangomupatsa chitsekerero chachiŵiri. Choncho akangodziŵa woyamba, jambulani wina wosiyanako: lero galimoto yanyamula chitsononkho, maŵa yanyamula nandolo wa m'makoko, mkuja ikuyendetsedwa ndi agogo pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina mudzamujambule iye mwini pamene akuchita bwino, ndi kumuonetsa. Ana ambiri amakondwa kudziona. Potsiriza mkulu wake uja atuluke m'foni adzakhale pamkeka, wina kukankha galimoto, wina kuilandira. Pamene tikulinga mpamenepo, pa ana aŵiri ndi choseŵeretsa chimodzi pakati pao.

Foni nayo iopedwe

Ndiyenera kukuchenjezani kolimba, chifukwa chida chomwechi chikhoza kuononga zimene tikumanga. Mwana wa otizimu akapatsidwa foni m'manja amakhala phee, ndipo mai wotopa amapeza mpata wopita kudimba kapena kumjigo. Sindikukuweruzani, ndikudziŵa kutopa kwake. Koma mwana woonera zidole za pafoni tsiku lonse sakuphunzira kuseŵera. Wangosinthanitsa chitsekerero ndi chinthu china chovuta kwambiri kumulanda. Malangizo amene a WHO anatulutsa mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziŵiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka ziŵiri mpaka zinai asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperapo nkwabwino koposa. Motero njira ya kanemayi ndi ya ana amene akwanitsa zaka ziŵiri. Musamutengerenso ku nyumba zoonetsera kanema za pamsika. Phokoso la kumeneko ndi zomenyana zake si za mwana aliyense, ndipo mwana amene amatsanzira zimene waona adzatsanziranso zimenezo.

Kanema amene mwajambula ndi wa pakhomo panu. Ngati muli mwana wa mnzanu, pemphani kwa mai ake musanajambule, ndipo musamutumize pa WhatsApp kuti anthu aziseka. Samalaninso kukula kwa zoseŵeretsa. Mbeu za nyemba, timiyala ndi mabatire aang'ono zimaloŵa m'mphuno ndi kukhosi. Nsonga za mawaya zipindidwe bwino.

Ndikumva wina akuti, "Nanga ife opanda foni yojambula?" Funsani kwa bambo a kunyumba, kwa mlamu, kwa mnzanu wa ku banki mkhonde kapena wa ku mpingo, mphindi zisanu pa tsiku si zambiri kubwereka. Ikasoŵeratu, khalani kanemayo ndinu. Khalani pambali pa mwana, pamalo a zii, muchite zinthu zitatu zomwezo ndi mau atatu omwewo, mofanana tsiku ndi tsiku, osamuyang'ana kumaso, kenaka mumusiyire choseŵeretsacho. Makolo athu anaphunzitsa ana kupeta ndi kuluka popanda foni. Ndipo kwa mwana wosakwana zaka ziŵiri njira ndi yomweyi.

Abambo asatsale kunja kwa ntchitoyi. Bambo amene wapinda yekha galimoto ya mwana wake, naona mwanayo akuikankha koyamba, samvanso msanga za anthu onena kuti mwanayu ngwa kuchikazi. Agogo nawonso muwafotokozere, pakuti ndiwo amatsala naye inu mukapita kumunda. Muwauze kuti kumumanga chingwe kumwendo kapena kumutsekera m'nyumba sikuphunzitsa kanthu. Zoona, ana ameneŵa ena saopa moto, chitsime kapena mtsinje wodzala, ndipo amachoka pakhomo mosatsazika. Chofunika ndi maso a mudzi wonse. Anansi adziŵe dzina lake ndi kwao, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Bwerani naye tidzamuone

Si mwana aliyense wochedwa kulankhula amene ali ndi otizimu. Wina samva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu. Wina anadwala malungo aakulu ogwira ubongo, kapena anavutika pobadwa. Wina ali ndi khunyu, imene ili ndi mankhwala ake kuchipatala, ndipo ana ena a otizimu amakhalanso nayo. Inu simungasiyanitse zimenezi nokha, ngakhale ine sindingathe pongomuyang'ana pamzere. Nchifukwa chake tifuna kumuona. Tiuzeni ngati mwana wakwanitsa chaka koma sacheuka poitanidwa dzina. Ngati wafika chaka ndi theka osaloza chinthu ndi chala kuti inu muchione. Ngati wafika zaka ziŵiri osalumikiza mau aŵiri. Makamaka ngati anayamba kulankhula kenaka mau aja anazimirira. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena namwino pano. Tidzayamba ndi makutu. Pakafunika tidzakulemberani kalata ya ku chipatala cha boma, ndipo iwo akhoza kukutumizani kwa madokotala a ana ku Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre. Za sukulu musataye mtima: ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo nthaŵi ikadzakwana mudzafunse kwa mphunzitsi wamkulu kumene kuli mphunzitsi wotere pafupi ndi kwanu.

Koma musadikire kalata kuti muyambe. Kuseŵera ndi mwana pamkeka sikungamupweteke, kaya vuto lake lipezeka kuti ndi liti.

Tsopano tiyambe kuyeza. Konzani mabuku, ana avulidwe nsapato ndi majuzi. Mai aliyense amene wazindikira mwana wake m'nkhaniyi asaimike dzanja pagulu ai. Angotsalira pambuyo anzake akamapita, tidzakhale pansi aŵiri. Mwezi wamaŵa pobwera mudzatenge chinthu chimene mwanayo amakonda, kaya ndi chitsekerero, kaya ndi chingwe, kaya ndi supuni, ndipo amene ali ndi foni yojambula adzabwere nayo ili ndi moto, kuti kanema woyamba tidzajambulire limodzi kuseri kuno.